Mtengo wa Dzina

Pa misika yonse ya pa dziko lapansi pali cisoni cimodzi cimene amalonda amacidziwa bwino. Ndico cisoni ca munthu amene wagulitsa cinthu cace, nalandira ndalama mokondwa, napita kwao. Koma patapita masiku amva kuti wogula uja wagulitsanso cinthu comweco pa mtengo woposa wace kakhumi. Ndalama zimene zinamkondweretsa dzulo zikali m'thumba mwace, palibe imene yatayika, koma tsopano aziona ngati zacabe, nayamba kunong'oneza bondo, nati, "Ndikadadziwa." Kodi munthu wotere walakwiridwa? Kodi wadzilakwira yekha? Kapena palibe colakwa ciri conse, ndipo angodzibvuta mtima pacabe? Funso limeneli ndi lakale lomwe, koma masiku ano laonekera poyera pa malonda acilendo, ndiwo malonda a maina a pa intaneti.

Poyamba kuyenera kumveka cimene cigulitsidwa pa malondawo. Makina onse olumikizidwa pa intaneti ali ndi manambala ao, monga nyumba za m'tauni ziri ndi manambala. Koma manambala ndi obvuta kukumbukira, cotero m'caka ca 1983 katswiri wina wa ku America, dzina lace Paul Mockapetris, anakonza njira yakuti nambala ikhale ndi dzina lolembedwa m'malemba. Munthu akalemba dzinalo pa kompyuta kapena pa foni, makina afunafuna okha nambala yace namfikitsa kumene afuna. M'Cingerezi dzina lotere lichedwa domain name, ndipo ndilo keyala ya sitolo, ya sukulu kapena ya boma pa intaneti. Dzina liri lonse liri ndi mcira wace: .zm ndi wa Zambia, .mw ndi wa Malawi, .uk ndi wa Britain, ndipo .com ndi wa amalonda a kuli konse. Lamulo lalikulu ndi lakuti dzina limodzi likhala ndi mwini mmodzi. M'mudzi mukhoza kukhala a Phiri asanu popanda cobvuta, koma pa intaneti amene wayamba kulembetsa dzina ndiye mwini, ndipo ena onse ayenera kufuna lina. Komanso mwiniyo sagula dzinalo kotheratu. Alipira caka ndi caka, madola 10 kapena 15 ngati liri la .com, ndipo akaleka kulipira dzinalo libwerera pabwalo kuti wina alitole.

Dzina loyamba la .com linalembetsedwa pa 15 March 1985 ndi kampani yopanga makompyuta ya Symbolics, ndipo caka conseco analembetsedwa asanu ndi limodzi okha. Kwa zaka khumi maina anali kupatsidwa ulere, cifukwa panalibe amene anaganiza kuti angakhale cuma. M'caka ca 1994 mtolankhani wina, Joshua Quittner, anaona kuti kampani yaikulu yogulitsa zakudya ya McDonald's siinalembetse dzina lace, nalilembetsa iye mwini, nalemba nkhani yoseka kugona kwa makampani. Dzinalo analipereka pamene kampaniyo inapatsa sukulu ina ya ku New York madola 3,500 ogulira makompyuta. M'caka ca 1995 ulere unatha, ndipo wolembetsa anayamba kulipira madola 100 pa zaka ziwiri. Pamenepo anthu anali atazindikira kale, nathamangira mau onse abwino a Cingerezi monga anthu athamangira madimba a m'mphepete mwa mtsinje. Lero maina a .com aposa 150 miliyoni, ndipo onse a malemba atatu, amene alipo 17,576, ali ndi eni ace.

Tsono mtengo wa dzina umadziwika bwanji? Amalonda ayang'ana zinthu zingapo. Dzina lalifupi liposa lalitali, liu lodziwika kwa anthu onse liposa liu lopeka, mcira wa.com uposa micira ina yambiri. Ndipo dzina losabvuta kulemba munthu atangolimva ndi makutu liposa limene lifuna kufotokoza. Ayang'ananso mitengo imene maina ofanana nalo anagulitsidwira pa misika ya maina monga Sedo ya ku Germany ndi Afternic ya ku America. Koma zonsezi zingothandiza pang'ono. Thumba la cimanga liri ndi mtengo wodziwika cifukwa matumba ndi ambiri ofanana, ogula ndi ambirinso, ndipo wokana mtengo pano akaupeza patsogolo. Dzina liri lokha, lopanda mnzace, ndipo kawirikawiri amene alifunadi ndi munthu mmodzi pa dziko lonse. Iyeyo asanafike, dzinalo lingodya ndalama za mwini caka ndi caka. Atafika, likhoza kugula nyumba. M'caka ca 2019 kampani ya MicroStrategy inagulitsa voice.com pa madola 30 miliyoni, cifukwa kampani ina, Block.one, inali italinganiza kale kucha nchito yace yatsopano dzina limenelo. Malemba asanu aja anali omwewo caka cathaco. Cimene cinasintha ndi kufika kwa munthu wowafuna.

Mbiri ya dzina la business.com ionetsa funsoli bwino koposa. M'caka ca 1997 kampani ina ya ku London inagulitsa dzinali kwa wamalonda wa ku Texas, Marc Ostrofsky, pa madola 150,000. Anthu anazizwa, pakuti kufikira nthawi imeneyo kunali kusanamveke mtengo wotere pa dzina, ndipo ambiri anayesa kuti wogulayo wapusa. Patapita zaka ziwiri zokha, m'caka ca 1999, Ostrofsky analigulitsa kwa kampani ya eCompanies ya ku California pa mtengo wolengezedwa wa madola 7,500,000, ndiko kunena kowirikiza makumi asanu. Ogula atsopanowo anamanga nchito pa dzinalo, nalemba anthu, nakonza mndandanda waukulu wa makampani, ndipo m'caka ca 2007 anagulitsa nchito yonseyo kwa R. H. Donnelley pa madola 345 miliyoni. Zaka ziwiri pambuyo pace, m'caka ca 2009, R. H. Donnelley inalemedwa ndi ngongole, nikapempha citetezo ku bwalo la milandu.

Pa mzere umenewu ali yense wogulitsa akadatha kulira. A ku London akadalira poona Ostrofsky, ndipo Ostrofsky akadalira poona a ku California. Amene analipira zambiri koposa onse ndiye anagwa. Kuti kudziwike ngati kulira kotere kuli ndi maziko, kuyenera kusiyanitsa mitundu itatu ya cisoni, pakuti anthu amaisakaniza cifukwa yonse ipweteka mofanana.

Mtundu woyamba ndi cisoni ca munthu amene mtengo unakwera atagulitsa kale, cifukwa ca nthawi kapena nchito ya ena. Munthu wotere ali kuweruza nzeru zace za dzulo ndi zimene wadziwa lero, ndipo kuweruza kumeneko n'kosalungama. Akulu anati cakudza siciimba ng'oma. M'caka ca 1997 panalibe munthu ku London amene akadadziwa kuti m'caka ca 1999 anthu adzacita misala ndi makampani a pa intaneti, monganso m'caka ca 1999 ambiri sanadziwe kuti caka cotsatira misalayo idzatha ndipo makampani ocuruka adzagwa. Kampani ya Pets.com inali ndi dzina labwino ndithu, koma inatseka zitseko m'mwezi wa November 2000. Akadakhala kuti a ku London anadikira kufikira 2001, kapena sakadapeza ngakhale zimene analandira zija. Ndiponso madola 345 miliyoni sanali mtengo wa dzina lokha. Anali mtengo wa zaka zisanu ndi zitatu za thukuta la anthu ena. Munthu amene anagulitsa chire, nabwera wina nalilima, nabzalamo mitengo ya zipatso, sayenera kuwerenga zipatsozo ngati zace zotayika.

Mtundu waciwiri ndi cisoni ca munthu amene akadatha kudziwa koma sanafunse. Wina amlembera kalata yopempha dzina, nachula madola 500, ndipo iye abvomera tsiku lomwelo, osayang'ana mitengo ya maina ofanana, osafunsa wodziwa, osayesa ngakhale kunenerera. Safunsa anadya phula. Cisoni ici ciri ndi maziko, pakuti cidziwitso cinalipo ndipo iye anacilambalala cifukwa ca ulesi kapena changu. Komabe phindu la cisoni cotere ndi lakutsogolo kokha. Cimphunzitsa kuti pa malonda otsatira ayambe wafufuza, ndipo cikatha kumphunzitsa zimenezo nchito yace yatha. Wocisunga zaka zambiri alipira kawiri pa kulakwa kumodzi: analipira ndalama tsiku lija, ndipo tsopano ali kulipira tulo.

Mtundu wacitatu ndiwo wobvuta, cifukwa ukhudza cilungamo ca pakati pa anthu awiri. Makampani akulu akafuna dzina, kawirikawiri sadzionetsa. Atuma mkhalapakati amene sachula womtuma, podziwa kuti mwini dzina akamva dzina la kampani mtengo udzakwera pomwepo. Mwiniyo agulitsa pa madola 2,000, ndipo patapita miyezi aona dzina lace lija litalembedwa pa zikwangwani. Kodi wanyengedwa?

Anzeru akale anakangana pa funso lofanana. Cicero, mkulu wa ku Roma, m'buku limene analembera mwana wace m'caka ca 44 Kristu asanabadwe, anasimba za wamalonda wocokera ku Alexandria amene anafika ndi ngalawa ya tirigu pa cilumba ca Rhodes m'nthawi ya njala. Iye yekha anadziwa kuti ngalawa zina zambiri ziri m'mbuyo, ndi kuti mawa mtengo udzatsika. Mphunzitsi wina, Diogenes wa ku Babulo, anati wamalondayo safunikira kunena kanthu, malinga ngati sanama. Wophunzira wace, Antipater, anati kukhala cete pa cinthu cimene mnzako afunika kudziwa n'kulakwira ubale wa anthu onse. Cicero anagwirizana ndi waciwiriyo. Anasimbanso za Quintus Scaevola, amene pogula munda anafunsa mwini kuti achule mtengo wace womaliza, ndipo atamva anati mundawo uposa pamenepo, naonjeza ndalama 100,000 za Ciroma. Cicero anadandaula kuti anthu onse anabvomera kuti Scaevola anacita monga munthu wabwino, koma anakana kuti anacita monga munthu wanzeru, ngati kuti ubwino ndi nzeru ndi zinthu zosiyana.

Koma nkhaniyi iri ndi mbali yace yina. Thomas Aquinas, mphunzitsi wa ku Italy amene anamwalira m'caka ca 1274, anaphunzitsa kuti ngati wogula adzapindula kwambiri ndi cinthu, pamene wogulitsa sataya kanthu pocipereka, wogulitsayo sayenera kukweza mtengo cifukwa ca phindu la mnzace. Pakuti phindulo licokera ku mkhalidwe wa wogula, ndipo munthu sagulitsa cimene siciri cace. Anaonjeza kuti wogula amene wapindula kwambiri acita bwino akapereka kanthu kena mwa kufuna kwace. Mau amenewa akhudza wogulitsa maina pa cilonda peni peni. Dzina limene linakhala zaka khumi lopanda nchito silinakhale lamtengo cifukwa ca iye. Linakhala lamtengo cifukwa anthu ena anaganiza, nasonkha ndalama, napanga cinthu cimene cifuna dzinalo. Akalira kuti sanadziwe kuti wogula ndi wolemera, ali kulirira thumba la mwini wace.

Cotero malire aoneka pakati pa kusaulula ndi kunama. Wogula amene sanena kuti ndani, kapena cimene afuna kucita ndi dzinalo, sanabe kanthu. Mwini anali womasuka kufunsa, kukana, kapena kuchula mtengo wina. Koma alipo ogula amene alemba kuti, "Ndine mwana wa sukulu, ndiribe ndalama, ndifuna dzinali pa maphunziro anga," cikhalireco atumidwa ndi kampani. Ameneyo wagula ndi bodza, ndipo wagwiritsa nchito cifundo ca mnzace ngati msampha. Wogulitsa wotere walakwiridwadi. Alakwiridwanso munthu amene wogula adziwa kuti ali pa tsoka, pa matenda kapena pa maliro, namkakamiza kulandira zocepa cifukwa sangathe kudikira. Malamulo a Aroma amene anasonkhanitsidwa m'masiku a mfumu Justinian analola munthu wogulitsa munda pa mtengo wosafika theka la mtengo wace weni weni kuti abweze malondawo. Lamulo lotere likhoza kuyenda pa minda, imene akulu a m'mudzi angathe kuiyesa. Pa maina silingayende, popeza palibe amene angaloze mtengo weni weni. Kumene lamulo silifika, cikumbumtima ca wogula ndico catsala, ndipo mcitidwe wa Scaevola ukali citsanzo cace.

Wina adzatsutsa kuti wodekha ndiye apambana, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Adzachula dzina la tesla.com, limene munthu wina wa ku California analisunga kuyambira 1992 kufikira 2016, pamene kampani ya magalimoto ya Tesla inaligula. Mkulu wa kampaniyo, Elon Musk, ananena m'caka ca 2018 kuti analipira madola 11 miliyoni. Nkhani imeneyi ndi yoona, koma imveka cifukwa ndi yosowa. Za anthu zikwizikwi amene anadikira zaka makumi awiri osamva ngakhale kugogoda kumodzi palibe amene azisimba. Amalonda a maina amanena okha kuti pa maina 100 amene munthu asunga, ogulika pa caka ndi limodzi kapena awiri. Munthu wa maina 500 alipira madola 5,000 caka ciri conse, ndipo maina asanu kapena khumi amene agulitsa ayenera kubweza ndalama zonsezo phindu lisanayambe. Munthu wotere akakana wogula ali yense poopa kudzanong'oneza bondo, adzatha ndi ngongole. Kuopa cisoni ca kugulitsa mocipa kwasaukitsa anthu ambiri monga kugulitsa mocipa komweko.

Maiko nawonso alowa m'mayeso amenewa. Tuvalu ndi dziko la tizilumba ta m'nyanja ya Pacific, la anthu ngati 11,000, ndipo mcira umene linapatsidwa ndi .tv, malemba omwe anthu a maiko ambiri achulira wailesi ya kanema. M'caka ca 2000 boma lace linapangana ndi kampani ya ku California kuti igulitse maina a .tv, ndipo dzikolo lilandire madola 50 miliyoni pa zaka 12. Ndalamazo zinathandiza dzikolo kulowa m'bungwe la United Nations caka comweco. Pambuyo pace nchitoyo inagwa m'manja mwa kampani ya Verisign, ndipo atsogoleri ena a Tuvalu anadandaula kuti zimene alandira n'zocepa poyerekeza ndi zimene kampaniyo ipeza. Koma Tuvalu inali itabwereketsa mcirawo kwa nthawi yowerengeka, osaugulitsa kotheratu. Cifukwa cace pangano litatha inatha kunenereranso, ndipo m'caka ca 2021 inasankha kampani yina, GoDaddy. Cilumba ca Anguilla, ca ku nyanja ya Caribbean, cinasunga mcira wace wa .ai zaka zambiri wopanda phindu lalikulu, kufikira makina oganiza ochedwa AI atachuka; m'caka ca 2023 cinapeza madola ngati 32 miliyoni. Palibe wa ku Anguilla amene anaona zimenezo ziri kudza. Phunziro la zilumbazi ndi lakuti munthu amene azindikira kuti sadziwa mtengo wa cinthu cace akhoza kusiya khomo lotseguka: kubwereketsa, kulandira malipiro pang'onopang'ono, kapena kupangana kuti wogula akadzagulitsanso, iye adzalandireko gawo.

Pali cinthu cinanso cimene wolira amaiwala. Dzina limene aligulitsa mocipa, iyenso analipeza mocipa. Kapena analitola pamene mwini woyamba anaiwala kulipira, kapena analigula kwa munthu amene sanadziwe zimene iye anadziwa. Tsiku limenelo anadzicha wocenjera, ndipo sanabwerere kwa munthu uja kukamuonjezera kanthu. Nchito yonse ya wogula ndi kugulitsanso iima pa kusiyana kwa cidziwitso ca anthu awiri. Ngati kusiyanako kunali kolungama pamene kunamkomera, n'kolungamanso pamene kwakomera mnzace. Ngati kuli kosalungama lero, ayambe wabweza za dzulo. Munthu sangasunge miyeso iwiri, wina wogulira ndi wina wogulitsira, nayembekeza kuti anthu amve cisoni ndi madandaulo ace. Ndipo pamene umbombo unapitirira, anthu nayamba kulembetsa maina a makampani ndi a anthu ochuka kuti awaumirize kuwaombola, malamulo analowererapo: m'caka ca 1999 bungwe la ICANN, loyang'anira maina a pa intaneti, linakhazikitsa njira yolanda dzina kwa munthu amene analitenga ndi mtima woipa, ndipo America inapanga lamulo lace caka comweco.

Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu kapena sadzagulitsa dzina la pa intaneti, koma adzagulitsa kanthu ndithu: njinga, ng'ombe, puloti, kapena luso la manja ace. Cimene cingamteteze ku cisoni ndi nchito yocitika tsiku la malonda lisanafike. Adziwe zimene anataya pa cinthuco, afufuze mitengo ya zinthu zofanana naco, afunse wogula mafunso olunjika, ndipo adziwe cimene afunira ndalamazo. Akatero, achule mtengo umene adzakhala nao wokhutira ngakhale atamva mawa kuti wogula ndi mfumu. Mtengo ukadzakwera pambuyo pace, adzifunse mafunso awiri okha: ngati ananamizidwa, ndi ngati analeka kufunsa cimene akadatha kufunsa. Akapeza kuti ananamizidwa, ali ndi mlandu ndi mnzace, ndipo aunene poyera. Akapeza kuti sanafunse, aphunzire. Akapeza kuti zonse ziwiri palibe, adziwe kuti anagulitsa bwino, ndi kuti phindu limene linadza pambuyo linali la nthawi yina ndi la munthu wina. Madzi akatayika saoleka. Koma ndalama zimene analandira sizinatayike, ndipo ngati zinalipira sukulu ya mwana kapena kufolera nyumba ndi malata, zinagwira nchito imene iye anazifunira pa tsiku limene anazifuna.